Mkango wa pa Mesa ya Dois Mil

1

Ababa anga, a Avelino, ali ndi lamulo limodzi lomwe ngakhale Baibulo limabwera pambuyo: mbewu sadya. Akakumba kachewere amapatula matumba a mbewu, kuwatsekera m'kanyumba kamdima, chave, kiyi wake, m'thumba. Chaka cha njala chija tinkagonera phala lamadzimadzi, mbewu ili phee mkatimo ikutiseka. Mlongo wanga anabako ziwiri, anakwapulidwa, mpaka lero asanadye batata frita amayamba wayang'ana kumbuyo.

Lamulo limenelo ndi lomwe ine ndinapita nalo ku póquer.

Eya, mwawerenga bwino. Ine Alda, mwana wa mkulu wa mpingo, soprano wa kwaya, mwini banca yotchajira matelefone ndi kugulitsa megas za intaneti pamsika wa Tsangano, ndimasewera póquer, masewera a makadi obetcherana ndalama. Anandilowetsa ndi mnzanga wa ku escola amene anakwatiwa ku cidade ya Tete. Ndi clube ya pa telefone, anthu ake si ambiri, onse a chigawo chathu chomwechi. Umatumiza ndalama kwa mwini clube, amakuikira fichas, tindalama tosewerera, umakhala pa mesa ndi anthu asanu osawaona nkhope. Aliyense cartas, makadi, ziwiri zobisa, zisanu zimagwa pakati. Wa cartas zabwino amadya. Koma wa zoipa nayenso amadya, akaopseza bwino mpaka anzake athawe. Imeneyo ndi blefe, quer dizer, bodza lololedwa.

Ndinayamba ndi seiscentos, mazana asanu ndi limodzi, pa mesa yolowera ndi vinte meticais, makumi awiri. Ndinadziikira lamulo: sindikhala pa mesa ngati m'nkhokwe mulibe zolowera trinta, ndalama zokwana kulowa kamakumi atatu. Zikachepa, nditsike. Ndinkasewera masana msika ukazizira, ma chapa, maminibasi aja, atapita, telefone pansi pa kauntala, nkhope ngati ndikuwerenga vesi. Miyezi isanu kuti ndifike pa mesa ya cem, ya zana. Kawiri konse ndinagwa n'kubwerera pa vinte, manyazi ali thoo, koma mbewu sindinadye. Patatha chaka ndi miyezi iwiri ndinali pa mesa ya quinhentos, mazana asanu, m'nkhokwe muli dezanove mil, zikwi khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Dzina langa pa mesa linali Zé_Kachewere. Onse ankati ndine bambo wandevu.

2

Tsopano Tito.

Tito ndi wa ku Chidzolomondo, ku Macanga uko, mlimi wa fodya, wamtali, mano oyera ngati amawachapa ndi sabão. Anabwera kudzagula mbewu kwa ababa, anasiya telefone pa banca yanga, kenako anayamba kumabwera mwezi ndi mwezi ndi telefone yodzaza kale batire. Epa, ndinagwa naye m'chikondi.

Koma ndinamuphunzira msanga. Tito akamanena zoona amachedwa. Amakanda khutu, kuyang'ana kumwamba, mawu kubwera ngati ng'ombe yokwera phiri. Akamanama, yankho limafika funso lisanathe.

"Amor, dzulo unamwa?"

"Nada!"

Ndiye kuti anamwa.

Vuto linali mwambo. Ife ndife Angoni, timalowola. Kwawo kwa Tito ndi Achewa, anabwerako ku Malawi nkhondo itatha, ndipo kwawo mwamuna amangonyamula khasu n'kukakhala kwa mkazi, chikamwini. Atabwera amalume ake, a Felisberto, kudzafunsira mbeta, ababa anati ng'ombe zitatu, kapena cinquenta mil, zikwi makumi asanu.

A Felisberto anaseka mpaka kutsokomola. "Bambo, kwathu mkazi sagulidwa ngati mota. Ife zathu n'zosavuta, zachikondi."

"Sitikugulitsa," anatero ababa. "Ng'ombe zikalowa m'khola, ana amakhala a kuchimuna. Zikapanda kulowa, mwana wanga sachoka pano."

A Felisberto anati iwo saponyapo ngakhale nkhuku. Tito anaimirira, chifuwa patsogolo.

"Ndipeza ndekha. Setembro."

Ameneyo anachedwa kuyankha. Ankanena zoona, coitado. Fodya wake anagulitsa bwino ku Furancungo, anapeza trinta e oito mil, zikwi makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Kunatsala doze basi, khumi ndi ziwiri.

3

Mwezi wa Junho, kuzizira kwa ku Tsangano kuja zala zimakana kulemba, ndinachita chinthu chomwe ndinali ndisanachitepo. Ndinathyola lamulo langa. Ndinakwera pa mesa ya dois mil, zikwi ziwiri, ndili ndi zolowera nove zokha, zisanu ndi zinayi. Musandifunse chifukwa pano, ndikuuzani tikafika.

Pa mesapo panali mlendo, Leão_da_Serra. Mkango wa m'phiri, abale! Ankalowa masana alionse, kubangula pa chat, kuponya fichas ngati akufesa mapira. Ena anayiwo, akadaulo a ku cidade, ankangomudikira ngati akhwangwala.

Tsiku lachitatu tinakumana awiri. Ine ndinali ndi ma sete awiri, cartas zapakatikati. Pakati panagwa ás, rei, dama, zikuluzikulu zoposa zanga, ndi tina tiwiri topanda ntchito. Munthu wanzeru ndi ma sete pamenepo amathawa osatsanzika. Carta yomaliza isanamalize n'kutembenuka, Mkango unaponya zonse, dois mil e trezentos, phuu!

Mayi wina anali pa banca akufuna megas za vinte.

"Mana, tandithandizani, ndikuthamangira chigayo."

"Rede ya telefone yavuta, mayi, dikirani pang'ono."

Ndinalipira. Cartas zinatembenuka: nove ndi quatro. Mkango unalibe ngakhale mano a mkaka.

Analemba: "Zé iwe ndiwe mfiti."

Ndinayankha: "kkkk obrigado patrão."

Kuyambira pamenepo inali ntchito ngati kupalira. Akaponya msangamsanga, ndilipire. Akachedwa, kawotchi kakuzungulira, ndithawe ngakhale ndili ndi ma rei. Akadaulo aja anandiluma ndithu, oito mil yanga inapita kwa iwo. Koma Mkango unkabweza zonse ndi chiwongola dzanja. Anayamba kundisaka dala. "Zé uli kuti, lero ndikumeta." Ine ndinkangobwera ndi mutu wanga.

Pofika pakati pa Agosto, Leão_da_Serra anasowa pa clube. Ndinawerengera: vinte e sete mil zake, zikwi makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, zinali kwa ine.

4

Miyezi imeneyo Tito sanabwere ku Tsangano. Ankangoimba, mawu ouma ngati chimanga chokazinga.

"Ukubwera liti?"

"Ndatanganidwa, ndikukonza chigafa."

"Chigafa mu Julho, fodya unagulitsa kale?"

"Cha chaka cha mawa."

"Nanga ndalama za ng'ombe zili bw..."

"Zili bwino!"

Anatumiza foto ina, ndinaona lamba waboola bowo latsopano. Ndinamufunsa ngati akudwala, anati ndi malungo. Ndinamufunsa ngati pali chomwe akufuna kundiuza. Telefone inakhala chete nthawi yaitali, ndinamva mpaka nkhuku za kwawo. Ndinati lero ndi lero, zoona zikukwera phiri.

"Alda..."

"Ndikumva, amor."

"Rede ikuvuta. Tchau."

Kunyumba ababa anali atakuza kale khola. Anadula mitengo yatsopano, kuyeza malo a ng'ombe zitatu ndi mapazi, madzulo alionse kuima pamenepo manja kumbuyo ngati akuziona. Kwaya inayamba kuphunzira nyimbo za ukwati wanga. Ine ndinkaimba nawo, soprano yoyera bwino, telefone ili m'chikwama ikutentha ngati khala.

5

Linali Sábado, Loweruka lachiwiri la Setembro. Mipando inaikidwa pansi pa mtengo wa mapichesi, akuluakulu a kwathu atakhala mbali ya ababa, ife akazi pa mphasa kukhonde. Alendo anafika pa mota imodzi anthu atatu: a Felisberto, Tito, ndi woyendetsa. Woyendetsayo anali Laston, wa táxi-mota wa kwawo, bambo wa mapasa a miyezi inayi. Atangozimitsa injini, a Felisberto anamulanda chave n'kuika m'thumba la jekete. Laston anakhala pansi pa dothi, capacete, chipewa cha pa mota, pamiyendo, maso ofiira.

Malonje atatha, a Felisberto anatsokomola.

"Bambo, tabwera manja lendelende. Mwana wathu waberedwa."

A Felisberto anapitiriza.

"Trinta e oito mil. Anakatenga ku Furancungo, anaika m'chikwama, anamangirira kumbuyo kwa mota ya uyu. Pofika kumudzi, chikwama palibe. Mota tamulanda sabata yatha, lero tangomubwereka kuti atinyamule, komanso mumuone nokha nkhope yake. Lolemba tikamusiya ku polícia. Mota tigulitsa, zomwe zipezeke tibweretsa."

"Akuluakulu," anatero Laston, "ine ndinanyamula Tito ndi thumba la feteleza. Chikwama sindinachione. Sabata yonse ana anga akudya za anansi. Tito, tinakulira limodzi, tayankhula!"

Tito ankayang'ana nsapato zake.

Juro, zimenezi sindinkazidziwa. Ndinkayembekeza bodza, inde. Ndinkati anena kuti chiswe chadya ndalama, kapena nyumba inapsa. Sindinaganize kuti bodzalo lidzakhala ndi munthu pansi pake.

Ababa anamuyang'ana Tito nthawi yaitali. "Mwana wanga, pano pali akulu. Zimene anena amalume akozi ndi zo..."

"Zoona, bambo!"

Ndinawerenga mumtima mpaka dez, kumupatsa mpata woti abwerere. Sanabwerere. Pa póquer ikafika nthawi yako kawotchi kamazungulira, ndipo ukakhala chete amakutaya. Ndinamanga chitenje, ndinadzuka.

6

Ndinagwada patsogolo pa ababa. Amayi kukhonde anati, "Iwe Alda, wapenga? Pabwalo la amuna?"

"Ababa, ndikhululukireni. Laston sanabe. Ndikudziwa komwe kuli ndalamazo." Ndinatembenuka. "Boa tarde, Leão_da_Serra."

Abale, ndikanakhala ndi mtima wojambula! Nkhope ya Tito inasungunuka ngati mafuta a nkhumba pamoto.

"Ndani... ndani wakuuza dzina limenelo?"

"Unkati undimeta. Ndabwera ndi mutu wanga."

Anayang'ana tsitsi langa, telefone yanga, kenako kumwamba. "Zé?" anatero ndi kamawu ka mwanapiye. "Zé ndiwe?"

"Zé ndi ndaninso?" anakalipa a Felisberto. "Pali mwamuna wina?"

Ndinafotokoza zonse, telefone m'manja, tsiku ndi tsiku, mesa ndi mesa. Kuti Tito anafuna kupeza doze mil yotsalayo mwachidule, anadumphira mesa yaikulu tsiku loyamba. Kuti onze mil, zikwi khumi ndi chimodzi, zinapita kwa anthu a ku cidade. Kuti vinte e sete zili kwa ine, zonse, sindinagule nazo ngakhale bolacha.

"Juga!" anatero mkulu wina wa kwathu, atagwira pakamwa. "Mwana wa a Avelino!"

Ababa anavula chipewa, anachiyang'ana mkati, anavalanso.

Koma a Felisberto nkhope inawala. Anatulutsa chave n'kumuponyera Laston osamuyang'ana n'komwe. "Ndiye palibe mlandu! Ndalama sizinasowe, zangosamuka thumba. Mtsikana, pereka kwa abambo ako. Bambo, landirani vinte e sete, zotsala tidzaona, ana akwatirane."

Ndinatambasulira telefone kwa ababa. Ndinkaganiza chimodzimodzi, ndisaname. Ndi zomwe ndinakonza kuyambira kale.

"Bweza dzanja lako," anatero ababa. "Ng'ombe ya lobola imalowa pachipata kuchokera kunja. Iyi yabadwira m'nyumba mwanga momwe. Ndalamazi mnyamatayu anaziika pansi ndi manja ake, mwana wanga anatola. Mwanjira yoipa, koma anatola. N'zake. Tsono a Felisberto, tandithandizani nzeru. Mkazi akadzilowola yekha, ana amakhala a yani?"

A Felisberto anakanda mutu. "Aaa... ndiye kuti a mayi awo. Ngati kwathu."

"Ngati kwanu," anatero ababa, ndipo ndinaona kakumwetulira kakubisala m'ndevu. "Munatiuza pano pomwe kuti zanu n'zosavuta, zachikondi. Tichite zakwanu. Mnyamata abwere ndi khasu lake. Amange kuseri kwa khola, alime kachewere wanga. Tsiku lomwe adzalowetse ng'ombe zitatu za thukuta pachipata icho, adzatenge mkazi wake apite naye ku Chidzolomondo."

"Koma bambo, minda ya fodya kwathu alima ndani? Uyu ndiye mphamvu zanga!"

"Chikondi, a Felisberto. Chikondi."

Akulu a kwathu anaseka mpaka wina mpando unamugwetsa. Ababa anakweza dzanja.

"Sindinathe. Iwe mkango, pita ukagwade apo."

Tito anagwada pa dothi patsogolo pa Laston. Anachedwa, anakanda khutu, misozi ili mbwee. "Achimwene, ndinakulakwirani. Ndinaopa manyazi." Laston anamuyang'ana, anati mbuzi imodzi ndi tanki yodzaza gasolina, ndipo pobwerera Tito akwere chapa. Mbuziyo ndinagula ndine. Mbali ya mlanduwo inali yanga.

Alendo atachoka, ababa anandiitanira ku khola. Ndinkayembekeza ndodo.

"Kwaya uyamba wapuma miyezi itatu, ndikanena ndekha kumpingo. Zimenezi uzisiye." Kenako anafunsa, "Unati zolowera trinta?"

"Trinta, ababa. Zikachepa ndimatsika."

"Chaka chonse osadya mbewu?"

"Chaka ndi miyezi iwiri."

"Hm," anatero, akuyang'ana malo opanda kanthu aja. "Mlongo wako anakanika masiku awiri."

7

Tinakwatirana mu Novembro, mvula yoyamba. Ndalama zija ndinagula ng'ombe ziwiri zazikazi, zili m'malo omwe ababa anayeza ndi mapazi, koma ndi zanga, mudzi wonse ukudziwa. Amazidyetsa ndi Tito. Nkhokwe itachepa choncho, lamulo ndi lamulo, ndinatsika kubwerera pa mesa ya cem. Ababa anati ndisiye, inde, koma sananene tsiku.

Tsiku lina tikupatula mbewu, Tito anandifunsa.

"Alda, unadziwa liti kuti Leão ndine?"

"Sabata yomweyo ya mlandu!"

Anagwedeza mutu, anakhulupirira. Mwamuna wanga sanaphunzirebe kumvetsera liwiro la yankho.

Inu ndikuuzani zoona, ndipo onani kuti ndachedwa nazo mitu isanu ndi iwiri. Ndinadziwa tsiku loyamba. Kumayambiriro kwa Junho, ulendo wake womaliza kubwera, Tito anasiya telefone pa banca kuti itchaje, anapita kukadya. Inawala yokha: "Leão_da_Serra, mesa ya dois mil ikukudikirani." Ndi chifukwa chake ndinathyola lamulo. Ndinakwera mesa imeneyo kutsata chibwenzi changa, ndikudziwa kuti akaponya msanga ndiye kuti akunama.

Ndinadziuza kuti denga likudontha kale, ine ndikungoika beseni kuti madzi asapite kwa anansi. Ndinadziuza kuti ndikumuyesa, ndione ngati angandiuze yekha. Zonsezo zilimo. Koma ndikanatha kumugwira dzanja tsiku lomwelo, n'kunena kuti amor, tsika, mesa imeneyo si saizi yako. Trinta e oito ikanatsala yathunthu. Mapasa a Laston sakanadya za anansi. Sindinatero chifukwa, Mulungu andikhululukire, zinkakoma. Kumuona akubangula pa chat masana, madzulo n'kundiimbira ndi mawu a nkhosa, zinkakoma kuposa uchi.

Ndiye inu owerenga, makamaka anyamata amene mwagulitsa fodya ndipo chala chikuyabwa: mesa yaikulu ilibe njira yachidule, ili ndi anthu okudikirani, ndipo wina mwa iwo mwina amadziwa mmene mumanamira. Ambiri amene ndinayamba nawo pa vinte anadya mbewu, lero akubwereka megas. Ndipo inu atsikana anzanga ochenjera, mukaona munthu wanu akumira, musamuyese kaye kuti muone ngati amatha kusambira. Bodza lake silimira lokha, limakoka wina amene sanalowe n'komwe m'madzi.

Dzulo Tito anabwera kuchokera kumunda, matope mpaka m'mawondo, msana ukuwawa ndi mizere ya ababa. Ndinamupatsa madzi, ndinamufunsa mwamasewera.

"Leão, pambuyo pa zonsezi, umandikondabe?"

Anakanda khutu. Anayang'ana kumwamba. Anayang'ana khola, ng'ombe zanga ziwiri zikubzikula. Nkhuku inadutsa, inabwereranso. Mkazi wina akanalongedza katundu.

Ine ndinangokhala phee, ndikumwetulira, ndikupempha mumtima kuti achedwebe pang'ono.